Kompyuta Yatsopano Ikauma Pakati pa Masewera

Anyamata a kwathu kuno ku Msanzala, ku Petauke ndi ku Nyimba aphunzira luso limene makolo athu sanalilote n'komwe, ndilo kumanga kompyuta ndi manja awo. Amakwera basi kupita ku Lusaka, ulendo wa makilomita pafupifupi 400 kucokera pa boma la Petauke, nagula ziwalo cimodzicimodzi, zina zatsopano, zina zogwirapo kale nchito, nabwera kudzazilumikiza m'bokosi limodzi. Ena afuna kutsegula kasitolo ka magemu pamsika kuti anzawo azilipira pomenya FIFA. Ena afuna makina ophunzirira masana ndi kusewerapo madzulo. Kawirikawiri ndalama yake siikhala ya mnyamata yekha. Imakhala ya nshawa, ya thonje kapena ya mbuzi zimene banja lagulitsa.

Tsono dandaulo limene likumveka ndi ili: kompyuta iyaka bwino, ilemba, iimba nyimbo, ionetsa mafilimu, koma gemu ikangofika pokoma, cithunzi ciuma gwa, mawu angolira malo amodzi, kiyibodi osamvanso kanthu. Pamenepo mkangano ubuka pakhomo. Atate ati cuma calowa m'madzi, mnyamata ati wogulitsa anamubera, ndipo ena ayamba kuloza cala anansi kuti ndi nsanje yawo. Ife tikuti tiyambe tadekha, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mlimi aliyense adziwa kuti ng'ombe yofooka siidziwika ili m'khola. Imadziwika ikamangidwa pagoli, pulawo italowa m'nthaka. Gemu ndiyo pulawo ya kompyuta. Polemba kalata makinawo amangoyenda ngati akupita kudambo, koma pa gemu processor ndi graphics card zimakoka ndi mphamvu zonse, zimadya magetsi ambiri ndi kutulutsa moto wambiri. Ciwalo cofooka, kapena cosalumikizidwa bwino, cimaonekera pomwepo. Motero kuuma kumeneku sikutanthauza kuti kompyuta yonse yafa. Kawirikawiri colakwa cimakhala cimodzi cokha, ndipo nchito yathu ndi kucipeza tisanatulutsenso ngwee ina.

Lamulo lake ndi lakuti tisinthe cinthu cimodzi pa nthawi imodzi, tiyese, tilembe m'kope cimene taona. Wosintha zinthu zitatu pamodzi, cinkana vuto lithe, sadzadziwa cimene calithetsa. Tisanagwire m'kati tizime makina, tizule pulagi kukhoma, tigwire citsulo ca bokosi kuti timagetsi ta m'thupi tisaononge ziwalo. Bokosi la power supply lokha lisatsegulidwe konse, pakuti limasunga magetsi oopsa ngakhale litazulidwa.

Maumidwe ake amatilozera kumene tiyambire. Ikamauma patapita mphindi 15 kapena 20, makamaka masana, tikayikire kutentha. Ikamazima mwadzidzidzi ndi kudziyatsanso, tikayikire magetsi. Ikamauma nthawi zosiyanasiyana, nthawi zina ndi sikirini yabuluu, tikayikire RAM. Pakayamba kuoneka timadontho ndi mizere yacilendo, tikayikire graphics card. Ikamauma pa gemu imodzi yokha, colakwa cingakhale m'gemu momwemo.

Tiyambe ndi kutentha, popeza ndiko mdani wa kwathu kuno. M'mwezi wa Okutobala, kumunsi kwa cigwa ca Luangwa kutentha kumafika madigiri 40, ndipo m'kasitolo ka malata kopanda zenera mumaposa pabwalo. Pulogalamu yaulere yochedwa HWMonitor imaonetsa kutentha kwa ciwalo ciliconse. Ma processor ambiri a masiku ano akafika pa madigiri 95 kapena 100 amadzicepetsa liwiro, ndipo zikapitirira makina amazima. Tione ngati mafani onse akuzungulira, ndiponso ngati akutsogolo akulowetsa mphepo, wakumbuyo akuitulutsa. Timasule cooler tione pansi pake: ambiri omanga koyamba amaiwala kusenda kapepala kapulasitiki kamene kamabwera katamatidwa pamenepo. Thermal paste yakale yowuma ipukutidwe, ndipo pakati pa processor paikidwe kadontho kofanana ndi njere ya nyemba. Zomangira zinayi zimangidwe mofanana. Bokosi licoke pansi pamene pali fumbi, likhale pathebulo, kutali pang'ono ndi khoma. Kuyesa kosalira ndalama ndi uku: ticotse citseko ca m'mbali, tiloze fani ya m'nyumba m'katimo, tisewere. Kuuma kukaleka, tagwira mbala.

Caciwiri ndi magetsi, ndipo apa pali mbali ziwiri. Yoyamba ndi power supply ya m'bokosi. Khadi ya RX 580, imene imapezeka kwambiri m'masitolo a zogwirapo kale nchito, imadya mawati 185 payokha, ndipo opanga ake amati ifunika power supply ya mawati 500. GTX 1060 imadya mawati 120 ndipo ifuna ya mawati 400. Mnyamata amene watha ndalama pa khadi, nagula power supply yochipa yopanda dzina, wamanga nyumba ya njerwa pa maziko a mcenga, pakuti nambala yolembedwa pa zochipazi kawirikawiri imaposa mphamvu yake yeniyeni. Tionenso ngati waya wa mapini 6 kapena 8 wopita ku khadi, ndi wa mapini 8 wopita pafupi ndi processor, walowa mpaka kumveka kuti khethe.

Mbali inayo ndi magetsi ocokera kukhoma. M'caka ca 2024, cilala citacepetsa madzi a ku Kariba, madera ena a Zambia anali kukhala maola okwana 21 pa tsiku opanda magetsi, ndipo ambiri anagula sola, mainveta ndi majenereta. M'midzi yambiri kumene mawaya sanafike, zimenezi ndizo zodalira. Inveta yaing'ono yoyendetsa wailesi ndi mababu siingasenze kompyuta ya magemu. Ifunika yamphamvu yokwanira, yolembedwa kuti pure sine wave, ndi batire losatha msanga. Jenereta imene ikuyendetsanso firiji kapena makina owocherera zitsulo imagwetsa magetsi pansi pa mavoti 230 amene makina ayembekezera. Tinyamule kompyuta tikaiyese kwa mnzathu amene ali ndi magetsi okhazikika. Ikakaseweza bwino kumeneko, colakwa sicili m'bokosi.

Cacitatu ndi RAM. Msewu wafumbi ndi mabampu ake umagwedeza timitengo timeneti, kotero kuti kompyuta yomangidwira m'tauni ingafike kumudzi italekeza. Titizule, titibwezere mpaka zogwirira zitseke. Pa motherboard ya malo anayi, timitengo tiwiri nthawi zambiri timakhala pa malo aciwiri ndi acinayi kucokera ku processor, monga kabuku kake kamanenera. Ngati mu BIOS munayatsidwa XMP, imene imathamangitsa RAM, iyambe yazimidwa. Kenaka tisewere ndi kamtengo kamodzi, pambuyo pake kenako. Pulogalamu ya MemTest86, yoikidwa pa fulashi, isiyidwe ikuyesa usiku wonse. Ikapeza colakwa ngakhale cimodzi, RAM siili bwino kapena ikuthamangitsidwa mopitirira. Timitengo togulidwa kosiyana, ta mitundu yosiyana, nthawi zina timakana kukokera pamodzi.

Cacinayi ndi mapulogalamu. Ambiri amazula hard disk m'kompyuta yakale naiika m'yatsopano, Windows yake ili momwemo ndi madiraiva a makina ena. Ndi bwino kuika Windows mwatsopano. Diraiva ya khadi itengedwe kwa eni ake, NVIDIA kapena AMD, yakale itacotsedwa ndi pulogalamu ya DDU. Magemu okopera pa fulashi ya mnzathu nthawi zina amakhala osakwanira, ena amabwera ndi mavairasi.

Zonsezi zikalephera, tiyang'ane khadi yeniyeniyo. M'mwezi wa Seputembala 2022 ndalama ya pa intaneti yochedwa Ethereum inaleka kukumbidwa ndi ma graphics card, ndipo makhadi ambiri amene anagwira nchitoyo usana ndi usiku kwa zaka anathiridwa pamsika wa dziko lonse pa mtengo wotsika. Ena akali abwino, ena anatopa. Njira yodziwira ndi kubwerekana: khadi yathu ikalowe m'kompyuta ya mnzathu, yake ilowe m'yathu. Kuuma kukatsata khadi, mlandu watha.

Kwa inu anyamata, tikuti safunsa anadya phula. Musanalipire, pemphani wogulitsa ayatse ciwaloco pamaso panu, akulembereni lisiti, ndipo mupangane masiku amene mungacibweze. Mukabwerera kwa iye ndi kope loonetsa zimene mwayesa, adzakumverani kuposa mukapita ndi ukali wokha. Kwa ife makolo, tisafulumire kunyoza mwana kuti wataya cuma, ndiponso tisafulumire kugulitsa mbuzi ina kuti agule ciwalo cimene sanatsimikize kuti ndico cadwala. Timupatse sabata imodzi, kope ndi pensulo. Zambiri zimene tachulazi sizilira ndalama, ndipo mwana amene wapeza yekha waya wolekeza kapena kapepala koiwalika watola luso limene mawa anthu a pamsika adzamulipira.