Galimoto yaliwiro: tisanafunse chaka, tifunse makaniko wa pa Mponela

Ambirife tikamaliza maphunziro pano sitikagwira ntchito ku City Centre. Ena atitumiza kukaphunzitsa ku Dowa, ena ku chipatala chaching'ono cha m'mapiri a Ntchisi, ena ku banki ya pa Mponela. Komabe pa mafoni athu pali zithunzi za Mark X, Altezza ndi Subaru, ndipo mkangano wa ku hositelo sutha: ndalama zikakhala zochepa, tigule yakale yamphamvu kapena yatsopanoko? Ife tikuti kwa munthu wokakhala ku Dowa, yakale yodziwika bwino, yogulidwa konkuno, ndiyo yanzeru, bola isamalize ndalama zonse.

Tiyambe ndi yatsopanoko. Nthawi zambiri imaitanitsidwa ku Japan, n'kutsikira ku Dar es Salaam, kenako n'kulowa m'dziko muno kudzera pa Songwe. Mtengo woonekera pa intaneti ndi chiyambi chabe. Pali ndalama ya sitima, ya padoko, ya dalaivala ndi mafuta a ulendo wonsewo, kenako msonkho wa MRA, womwe umayang'ana kukula kwa injini ndi zaka za galimotoyo. Injini ya Mark X ndi ya malita 2.5 kapena kuposa, choncho msonkho wake si wofanana ndi wa Vitz. Zambiri mwa izi zimayendera dola. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Amene ankasonkha ndalama pang'onopang'ono anadzuka m'mawa n'kupeza kuti zimene anasunga sizikufikanso.

Ubwino wake sitikuukana. Yatsopanoko imamwa mafuta pang'ono, ndipo aliyense amene anagonapo pamzere wa pa filing'i siteshoni akudziwa kuti imeneyo si nkhani yaing'ono. Imatetezanso bwino pangozi. Koma ikadwala imafuna kompyuta yoipima, giyabokosi yake ikakhala ya CVT imafuna oyilo wakewake, ndipo kachipangizo kamodzi kakafa mutha kudikira milungu kuti kabwere kuchokera kunja. Pa masiku onsewo mudzakhala mukukwera kabaza, ngongole ya galimoto ikudulidwa kumalipiro.

Yakale nayo ili ndi zake. Altezza anasiya kuipanga mu 2005, ndiye palibe yomwe tingaitche yachinyamata. Galimoto zotere amakonda kugula ndi anyamata othamanga, ndipo wogula wachitatu kapena wachinayi ndiye amalipira liwiro la anzake. Subaru ya turbo yomwe sinkasinthidwa oyilo pa nthawi yake ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nambala ya makilomita nayo anthu amaibweza m'mbuyo.

Nanga bwanji tikuikondabe? Chifukwa yogula konkuno timaiona ndi maso, msonkho wake unalipiridwa kale, ndipo mtengo timakambirana m'makwacha. Titha kupita nayo kwa makaniko wathu, osati wa wogulitsa. Aidzutse m'mawa injini ili yozizira, aone mtundu wa utsi, asuzumire pansi ngati ikudontha oyilo, aikweze chitunda amve mmene magiya akulowera. Tionenso kuti dzina la pa blue book ndi la wogulitsayo, nambala ya chasisi ikugwirizana, ndipo COF ndi inshulansi zili m'malo. Galimoto ya ku Japan timaigula pa chithunzi.

Chachiwiri ndi msewu. M1 yodutsa pa Mponela ndi ya tala, koma sukulu ndi zipatala zambiri zili kutali nayo. Misewu yokhotera kumidzi ndi yafumbi, ya miyala, ndipo mvula ikayamba mu December imakumbika ngalande. Mark X ndi Altezza zambiri zimakankha ndi matayala akumbuyo okha komanso n'zogwa pansi. Pa chitunda choterera cha ku Ntchisi mphamvu zake zimathera kuzungulira pamalo amodzi, mimba ikukhula miyala. Apa Subaru Forester yakale yopanda turbo, yokwera m'mwamba komanso yokoka ndi matayala onse anayi, imaposa zonse ziwiri, ngakhale masipeya ake sapezeka msanga ngati a Toyota. N'chifukwa chake funso loyamba lisakhale la chaka. Tifunse makaniko wa pa Mponela ngati anaitsegulapo injini yotere, komanso ngati masipeya ake amapezeka ku Biwi tsiku lomwelo.

Chachitatu ndi thumba. Tikulangiza kuti gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama zathu litsale. Galimoto yakale imafuna matayala, mabuleki, mashoko ndi batire m'miyezi yoyambirira. Wogula ndi ndalama zonse amayenda ndi matayala osalala, ndipo pa msewu wodzaza njinga, ngolo ndi ana asukulu, amene amavulala si iye yekha. Tikumbukirenso kuti malipiro oyamba amakhala ndi eni ake ambiri: fizi ya mng'ono wathu, feteleza wa makolo, lendi.

Ngati ndalama zotsalazo sizikupezeka, ndiye kuti nthawi yogula sinakwane. Sienta zimene zimanyamula anthu pakati pa Lilongwe ndi Dowa sizisowa, ndipo kudikira chaka china n'kotchipa kuposa kuimika Mark X pa njerwa kuseri kwa nyumba ya aphunzitsi.