Ana athu sapulupudza dala

Ndife makolo ochokera ku Malawi okhala ku Johannesburg, ndipo ana athu madokotala anawapeza ndi vuto lotchedwa ADHD. Mwana wotere sakhazikika pampando, amayankha funso lisanathe, pensulo amataya tsiku ndi tsiku, ndipo ukamutuma mchere amaiwalira panjira. Padziko lonse ana pafupifupi 5 mwa 100 alionse ali ndi vutoli, koma kwathu timangoti kupulupudza. Agogo pafoni amati, "Mwamulekerera mwanayo, bwerani naye kuno awongoke ndi mkwapulo." Kutchalitchi ena amanong'ona za ziwanda.

Nchifukwa chake titaona pa Facebook akutsatsa chithandizo chosafuna mapiritsi, chotchedwa neurofeedback, tinathamangira. Mapiritsi a Ritalin tinkawaopa chifukwa cha zonena za anthu. Kochitira neurofeedback amamukhazika mwana pampando n'kumumata timawaya pamutu ndi mankhwala onanda, toyeza mmene ubongo ukugwirira ntchito. Kutsogolo kwake kuli kanema. Ubongo ukachita zomwe makinawo akufuna chithunzi chimawala, maganizo akathawa chimazilala. Amati pamafunika maulendo 30 mpaka 40, ndipo ulendo uliwonse n'kupisa m'thumba. Ambirife timachapa ndi kusita m'nyumba za eni, ena kutchetcha kapinga. Tinakongola, ndalama zotumiza kumudzi zinaima, malata a nyumba sanagulidwe.

Chikutiwawa n'chakuti panali zoona zomwe sanatiuze. Njirayi si yatsopano: Joel Lubar anaiyesa pa mwana ku America mu 1976, ndipo akatswiri akhala akuifufuza kuyambira pamenepo. Mu 2021 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wa ku America komweko pa ana oposa 140. Ena analandira chithandizo chenicheni, ena chongoyerekeza, makolo ndi aphunzitsi osadziwa kuti mwana ali m'gulu liti. Magulu onse awiri anasinthako mofanana. Wotsatsa chithandizochi ayenera kudziwa zimenezi, ndipo ayenera kumuuza kholo lisanatulutse ndalama. Ife anangotionetsa zithunzi za ubongo zamitundumitundu. Mwana atapanda kusintha, anati tionjezere maulendo.

Kwa inu adokotala, tikupempha nthawi. Tifotokozereni bwinobwino za mankhwala a Ritalin (methylphenidate), kuti amathandiza ana ambiri komanso kuti ena amawachotsa chilakolako cha chakudya ndi kuwasowetsa tulo, kuti tisankhe tikudziwa. Tiphunzitseni kulera mwana wotere popanda ndodo, pakuti maphunziro a makolo alipo ndipo amathandiza khalidwe la mwana pakhomo.

Inunso aphunzitsi, lekani kumutulutsa panja mwanayu. Mukhazikeni kutsogolo, kutali ndi zenera. Muuzeni chinthu chimodzi, achite, kenaka china. Akayamba kutakataka, mutumeni akafufute bolodi kapena agawe makope, ndipo tsiku lomwe wamaliza ntchito mutilembere kalata monga mumachitira akalakwa.