Mutu wa khanda ukamakula msanga, tisadikire

Amayi anzanga, tikamapita kukaona khanda kuchikuta timanyamula ufa, sopo ndi nkhuni. Pempho langa n'lakuti tikamulandira mwanayo m'manja, tizimuyang'ananso mutu.

Pali matenda amene madzi a mu ubongo amalephera kuyenda bwino, n'kumadzadza m'mutu. Chipewa cha sabata yatha chimayamba kuthina, liwombo limatupa ngakhale mwana sakulira, maso amangoyang'ana pansi. Kumudzi timathamangira kupaka mankhwala paliwombo, ena n'kuyamba kuloza chala apongozi. Miyezi imatha, ubongo uli kupanikizika.

Ambiri amazengereza poopa kuti kuchipatala akamung'amba mutu. Manthawa ndimawamvetsa, inenso ndine kholo. Njira imene tinaizolowera ndi yoika kapaipi pansi pa khungu, kotsitsa madzi kuchokera m'mutu kupita m'mimba. Kapulumutsa ana ambiri ndipo kakugwirabe ntchito, koma kamatha kutsekeka kapena kulowa tizilombo, ndipo banja lokhala kutali ndi chipatala chachikulu siligona tulo.

Dr Benjamin Warf, amene anayamba ntchito ku Mbale m'dziko la Uganda m'chaka cha 2000, analimbikitsa njira ina pa makanda. Dokotala amalowetsa kachipangizo ka kamera, kowonda kuposa pensulo, m'mbali mwa liwombo. Akuonera pa kanema, amaboola kanjira koti madzi azidutsa, ndipo amatha kuwotchako timinofu topanga madziwo. Bala limakhala laling'ono, m'thupi simutsala paipi. Ku Queens ku Blantyre opaleshoni yoboola kanjirayi imachitika. Siyenera mwana aliyense. Madokotala amasankha akamuunika. Koma ngakhale kamerayo, siingabwezere ubongo umene waonongeka kale.

Warf anapezanso kuti ana oposa theka mwa amene ankawaona anayamba vutoli atadwala matenda a tizilombo ali makanda. Ndiye ife azamba tikamakakamira kuti pamchombo pasapakidwe phulusa kapena zitsamba, ndi kuti khanda lotentha thupi kapena lokana bere lipite kuchipatala tsiku lomwelo, sikuvuta ayi.

Chimene chimandiwawa n'chakuti mayi ena amalandira kalata yowatumiza kuchipatala chachikulu, n'kuisunga m'chikwama chifukwa chosowa ya basi ndi wowasiyira ana ena. Apa mpamene bungwe lathu lingagwire ntchito. Ngati timatha kusonkha ya nsalu za chikondwerero, pa msonkhano wa mwezi uno tikambirane zopatula kathumba ka maulendo oterewa, tisankhenso amayi awiri pa mphakati uliwonse oti aziyang'anira ana otsala pakhomo.