Mwala uyezedwe kaye, mapiritsi pambuyo

Kamwala kakachoka mu impso n'kukakamira m'kanjira kotsitsira mkodzo ku chikhodzodzo, ululu wake umagubuduza pansi ndi munthu wolimba mtima yemwe. Kanjirako n'kotalika masentimita 25 mpaka 30, ndipo kamapanikizika kwambiri cha kumunsi, kumene timiyala tambiri timakaima. Mankhwala othandiza kuti kamwala katuluke popanda opaleshoni alipo ndithu, koma akutamandidwa mopyola ntchito yake. Chizolowezi cholembera wodwala aliyense mankhwalawa n'chofunika kuchisiya.

Otchuka kwambiri ndi tamsulosin, womwa 0.4 mg kamodzi patsiku, amene ntchito yake yoyamba n'kuthandiza abambo otupa pulositeti kuti azikodza bwino. Amafewetsa minofu ya kanjirako kuti mwala upeze mpata. Silodosin ndi alfuzosin ndi abale ake. Nifedipine ndi wa banja lina, la mankhwala a BP.

Mu 2015 magazini ya The Lancet inafalitsa kafukufuku wotchedwa SUSPEND, wa odwala 1,167 m'zipatala 24 za ku Britain. Ena anamwa tamsulosin, ena nifedipine, ena mapiritsi opanda mankhwala m'kati. Patatha masabata anayi, m'gulu lililonse odwala pafupifupi 80 mwa 100 aliwonse sanafunikenso chithandizo china chochotsera mwala. Piritsi lopanda kanthu linafanana mphamvu ndi mankhwala ogula ndi ndalama!

Koma nkhani sinathere pomwepo. Mu 2018 kunatuluka kafukufuku wa ku China wa odwala oposa 3,000 amene miyala yawo inali kumunsi kwa kanjirako. Mwala unatuluka mwa odwala 86 pa 100 omwa tamsulosin, ndi 79 pa 100 omwa mapiritsi opanda mankhwala, ndipo phindulo linaoneka pa miyala yoposa mamilimita 5. Zotsatira ziwirizi sizikutsutsana kwenikweni: odwala ambiri a ku Britain aja anali ndi timiyala tating'ono, tomwe nthawi zambiri timatuluka tokha.

Choncho choweruza mlandu ndi kukula kwa mwala ndi malo amene waima. Wa mamilimita 5 mpaka 10 wokhala kumunsi, tamsulosin n'ngoyenera kuyesa. Kochepera apo, wodwala akungosenzetsedwa chizungulire chaulere. Silodosin amachititsa abambo ambiri kuti umuna usatuluke pogonana, ndipo tamsulosin amavutitsa opaleshoni ya ng'ala, zinthu zomwe wodwala ayenera kuuzidwa asanameze piritsi loyamba. Nifedipine alibe umboni womuikira kumbuyo. Kupezeka kwake mosavuta m'mafamase si chifukwa chomuperekera. Ndipo kulemba mankhwala aliwonsewa popanda sikani yoonetsa kukula kwa mwala n'kuombeza chabe.

Chimene wodwala amafunitsitsa n'kuletsa ululu, ndipo apa diclofenac ndi ibuprofen amaposa pethidine, amene amasanzitsa kwambiri, bola impso zikhale zikugwira bwino ntchito ndiponso munthu asakhale ndi zilonda zam'mimba.

Kudikira kulinso ndi malire. Mwala ukakana kutuluka pa masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi, uchotsedwe, chifukwa impso yotsekeredwa imawonongeka mwakachetechete. Wodwala akatentha thupi, akamanjenjemera, kapena mkodzo ukasiyiratu kutuluka, palibe piritsi loyembekezera: athamangire kuchipatala tsiku lomwelo.