Tisanatumize ndalama ku Poland, tifunse kuti cidindo cili pa ciani

Tonse tinazionapo zotsatsa zija pa Facebook na pa WhatsApp. Mtsikana wavala jekete yaikulu, waimilila pa cipale cofewa, ndipo pansi pake alembapo kuti "Study in Poland, fully accredited". Ma agent amalonjeza mafizi otsika kuposa a ku UK, digili ya ku Ulaya, na mwayi wogwilako nchito uku uphunzila. Makolo ena amagulitsa puloti, ena amakongola ndalama, kuti mwana apite. Koma liwu lija lakuti "accredited" timangolimeza osalitafuna. Anavomeleza ni ndani? Anayang'ana ciani? Liti? Zimene zacitika ku Poland komweko zionetsa kuti mayankho a mafunso amenewa ni amene amasiyanitsa digili na pepala cabe.

Ulamulilo wa cikomyunizimu utatha mu 1989, Poland inatsegula citseko ca maphunzilo apamwamba. Lamulo la mu 1990 linalola anthu kutsegula makoleji na mayunivesiti awo-awo. Panthawiyo dziko lonse linali na ophunzila pafupifupi 400,000. Pofika 2005 anatsala pang'ono kukwana 2 miliyoni, ndipo masukulu amene si a boma anapitilila 300. Ena anali abwino ndithu. Ena anali kudalila aphunzitsi obweleka, amene anali kugwila nchito m'masukulu angapo nthawi imodzi. Digili inaculuka, koma olemba anthu nchito sanali kudziŵa kuti iti ili na kanthu mkati.

Ndiye cifukwa cake mu 2002 boma linakhazikitsa bungwe loyang'anila ubwino wa maphunzilo. Poyamba linali kuchedwa Państwowa Komisja Akredytacyjna, ndipo kucokela mu 2011 limachedwa Polska Komisja Akredytacyjna, mwacidule PKA. Sukulu ya boma kapena ya munthu, yonse ili pansi pake. Kagwilidwe kake ka nchito ni kosavuta kumva. Sukulu imalemba lipoti yodziunika yokha. Kenako gulu la akatswili limapita komweko, ndipo m'gululo mumakhalanso woimila ophunzila na woimila olemba anthu nchito. Amaloŵa m'makalasi, amaŵelenga mapepala a mayeso na ma dissertation a ophunzila, amaona ngati aphunzitsi ali na maphunzilo oyenela, amayendela laibulale na ma laboratory, ndipo amakamba na ophunzila pa okha. Kosi ikapambana, civomelezo cake cimakhala zaka 6, kapena zosapitilila 2 ngati pali zofunika kukonza. Ikalephela, ingatsekedwe. Zotulukapo zimaikidwa pa webusaiti ya PKA kuti aliyense aŵelenge.

Apa pali mfundo imene ma agent ambili satiuza. Nthawi zambili PKA imaunika kosi imodzi-imodzi, osati dzina la sukulu. Sukulu ingakhale na kosi ya zamalonda imene inapambana bwino, koma kosi ya unesi pa sukulu imodzimodziyo ingakhale kuti ni yatsopano ndipo sinaunikidwepo. Kukhala m'kaundula wa boma kutanthauza cabe kuti sukuluyo ili na cilolezo cogwila nchito. Sikutanthauza kuti zimene tidzaphunzila zinayesedwa. Munthu akatiuza kuti "yunivesiti iyi ni accredited", watiuza theka la nkhani.

Manje tione pamene mpanda unali na mpata. PKA imayang'anila madigili, monga bachelor's na master's. Koma makosi aafupi amene munthu amacita atatenga kale digili, amene ku Poland amawacha studia podyplomowe, sanali m'manja mwake. MBA inali m'gulu limeneli. Panthawi imodzimodziyo, lamulo linali kulola munthu wokhala na MBA kukhala mu bodi yoyang'anila kampani ya boma popanda kulemba mayeso a boma. Conco panali pepala lopatsa munthu mpando wa ndalama zambili, koma palibe anali kuona mmene pepalalo likupezekela.

Sukulu ina ya ku Warsaw, Collegium Humanum, imene inayamba mu 2018, inachuka kwambili na ma MBA ofulumila. Andale, akulu-akulu a makhonsolo na mabwana a makampani a boma anali kutuluka nawo madipuloma. Atolankhani anayamba kufunsa mafunso, ndipo mu Febuluwale 2024 bungwe lolimbana na ziphuphu la CBA linagwila mkulu wa sukuluyo, Paweł Czarnecki. Oimba milandu amati madipuloma ena anali kupelekedwa kwa anthu amene sanaphunzile n'komwe. Meya wa mzinda wa Wrocław, Jacek Sutryk, nayenso anaimbidwa mlandu caka cimeneco, ngakhale kuti iye amakana. Coŵaŵa kwambili n'cakuti ena mwa anthu amene anagwilapo nchito ku PKA anachulidwanso pa milandu ya ziphuphu. Mlonda weni-weniyo anapezeka m'nkhani ya akuba.

Amene anavutika kwambili si andale. Ni ophunzila wamba masauzande amene analipila mafizi, anapita m'kalasi na kulemba mayeso moona mtima. Dzina la sukulu yawo linaipa, ndipo pepala limene analikhetsela thukuta linayamba kukayikilidwa. Sukulu ingasinthe dzina, monga mmene iyi inacitila, koma dipuloma imene uli nayo m'manja imakhala na dzina lakale.

Mpata wina unaonekela ku maphunzilo a udokotala. Sukulu imene ilibe mbili yolimba ya kafukufuku ikafuna kuyamba kosi yatsopano, imapempha cilolezo kwa nduna, ndipo PKA imapeleka maganizo ake. Koma maganizo amenewo samumanga nduna. Pamene Przemysław Czarnek anali nduna ya zamaphunzilo, masukulu angapo analoledwa kuyamba kuphunzitsa madokotala ngakhale kuti PKA inali itakana. Boma linati dziko lifunika madokotala ambili. Bungwe la madokotala linadandaula kuti masukulu ena alibe zipangizo na aphunzitsi okwanila. Boma latsopano litaloŵa, mu 2024 linauza PKA kuti ikaunike makosi amenewo. Ganizilani wophunzila amene watha zaka ziŵili akulipila, kenako amva kuti kosi yake ili pa sikelo.

Ena pakati pathu anganene kuti, "Ngati ni conco, ndiye kuti accreditation ni bodza cabe. Tingopita kulikonse kochipa." Ife sitigwilizana nazo. Taonani kuti malonda a madipuloma anakula kwambili pamalo pamene panalibe woyang'anila. Pa nkhani ya udokotala, vuto linabwela cifukwa andale sanamvele oyang'anila. Ndipo tikudziŵa zonsezi cifukwa malipoti ali poyela, atolankhani anafufuza, apolisi anagwila anthu. PKA nayonso imaunikidwa na mabungwe a ku Ulaya, ndipo ili m'kaundula wa EQAR. Mlonda akagona, mankhwala ake si kugwetsa mpanda. Ni kumuutsa na kuika wina womuyang'anila.

Koma tisaloze cala ku Warsaw cabe. Wogulitsa pepala sangakhalepo popanda wogula. Ambili a ife tikamasankha sukulu timafunsa kuti, "Ni zingati? Visa ituluka mwamsanga? Nikafika nidzapeza nchito?" Funso lakuti tidzaphunzila ciani limabwela pothela, ngati labwela n'komwe. Poland inaona zimenezi. Ophunzila ocokela kunja anapitilila 100,000, kuphatikizapo masauzande ocokela kwa anansi athu ku Zimbabwe, ndipo boma linapeza kuti anthu ena anali kuseŵenzetsa visa ya sukulu monga njila yoloŵela cabe ku Ulaya. Mu 2025 linakhwimitsa malamulo, ndipo manje wofuna kuphunzila afunika kuonetsa umboni wakuti adziŵa cinenelo ca kosi yake pa mlingo wa B2. Amene amalipila mtengo wa cinyengo ca ena ni wacinyamata woona mtima, amene manje afunika mapepala ambili kuposa kale.

Akulu anati safunsa anadya phula. Tisanatumize ngakhale ngwee imodzi, tipemphe agent atipatse dzina la sukulu m'Cipolishi na dzina leni-leni la kosi. Tiloŵe pa webusaiti ya PKA tokha, tione ngati kosi imeneyo inaunikidwa, caka cake, na zotulukapo zake. Lipoti ikakhala m'Cipolishi, foni imene tili nayo m'manja ingatimasulile. Tifunse ngati cimene atigulitsa ni digili kapena ni kosi ya podyplomowe. Tikumbukilenso za kubwelela kwathu. Pepala locokela kunja limadutsila ku ZAQA kuti litsimikizidwe kuno ku Zambia, ndipo wophunzila udokotala afunika kulembetsa ku Health Professions Council of Zambia asanagwile wodwala. Ni bwino kufunsa mabungwe amenewa tikali ku Lusaka kapena ku Chipata, osati titatha zaka zisanu m'cisanu.

Poland ili na masukulu olimba. Jagiellonian University ku Kraków inakhazikitsidwa mu 1364, ndipo pali ena ambili amene digili yawo imalemekezedwa. Agent amene atitumiza ku sukulu yabwino sangakwiye tikamupempha lipoti ya PKA. Amene ayamba kutifulumizitsa kuti malo atsala aŵili cabe, tilipile lelo, ameneyo watiyankha kale.