Thyolo Aimbe Yekha, Asadikire Mabwana

Ndinabadwira m'komboni ya pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo. Mayi anga anasenza dengu mpaka msana unakana, ndipo nyimbo yoyamba kuikonda ndinaimva pa wayilesi ya kapitawo: banjo ya malemu Allan Namoko. Bambo wosaona uja, mwini gulu la Chimvu River Jazz Band, anamveka mpaka ku Ulaya, koma anamwalira mu 1995 ali m'mphawi. Tsono ndifunse: n'chifukwa chiyani mwana wa kwawo kwa Namoko, akafuna kuona oimba pa nsanja yaikulu, ayenera kukwera minibasi ya ku Blantyre kapena kunyanja, kumene tikiti imodzi siingalowe m'maloto a wothyola tiyi?

Ena adzati chikondwerero cha nyimbo chimafuna anthu a ndalama. Bodza limenelo. Ku Ghanzi, tauni ya ng'ombe m'chipululu cha Kalahari ku Botswana, anyamata a gulu la Overthrust anayambitsa chikondwerero chawo mu 2010. Nyimbo zawo ndi za heavy metal, zija za magitala olira ngati mphenzi, zimene agogo athu angati n'zaziwanda. Koma phindu lake anyamatawo analipereka kuthandiza ana osowa a m'dera lawo, ndipo alendo anayamba kubwera kuchokera m'maiko ena.

Chitsanzo china chili pakhomo pompano. Ku Dzaleka, m'boma la Dowa, malo amene ena mwa inu mukuwakumbukira ngati ndende ya andale, mlakatuli wothawa kwawo ku Congo, Menes la Plume, anayambitsa Tumaini Festival mu 2014. Kulowa kunali kwaulere. Alendo ankagona m'nyumba za anthu a mumsasamo n'kulipira eni nyumba, ndalama n'kutsala pomwepo. Ngati anthu opanda dziko anatha, ife eni nthaka tikulephera pati?

Ndikuti Thyolo akhale ndi chake, pomwe tchopa, amene bungwe la UNESCO linamuzindikira mu 2014, angavinidwe m'mawa, banjo masana, ndipo usiku anyamata a magitala aphokoso agwedeze phiri. Koma pali zinthu zitatu zoti tigwirizane tisanakhome msomali ndi umodzi womwe.

Choyamba ndi ndalama. Wandale adzabwera ndi envelopu, akumwetulira. Walira mvula walira matope: tsiku lachikondwerero nsanja idzakutidwa ndi nsalu ya chipani, ndipo oimba adzadikira mpaka bwana amalize kulankhula. Ndi bwino nsanja ya milimo ndi jenereta yobwereka kusiyana ndi nsanja yachitsulo yokhala ndi mwini. Anthu asonkhe pang'onopang'ono, ogulitsa mandasi ndi chiwaya alipire kamsonkho kochepa, ndipo zolowa ndi zotuluka zilembedwe papepala lokhomedwa pamsika, pa Bvumbwe, pa Luchenza ndi pa boma, kuti aliyense awerenge. Woyamba kulipidwa akhale woimba, osati komiti. Tisabwerezenso za Namoko.

Chachiwiri ndi bwalo. Tonse tikudziwa kuti malo ambiri abwino ku Thyolo ali m'manja mwa maesiteti kuyambira nthawi ya atsamunda ndi thangata. Esiteti ikapereka bwalo lake la mpira, tithokoze, koma zilembedwe kuti palibe manijala wofunsa mawu a nyimbo zisanaimbidwe. Mnyamata akaimba za malipiro, za sikelo kapena za kusowa kwa minda, wina asathamangire kukazimitsa jenereta. Musati mantha amenewa ndi akale. Evison Matafale anafera m'manja mwa apolisi mu 2001, zipani zili kale zambiri.

Chachitatu ndi nthawi. Kuyambira Disembala mpaka Epulo tiyi amaphuka kwambiri, anthu amalowa m'munda m'mamawa n'kuweruka ali lefu. Chikondwerero chichitike m'chilimwe, Loweruka lotsatira malipiro. Koma nthawi yomweyo ndi imene ambiri ogwira ntchito yanyengo amakhala atachotsedwa, m'thumba muli mbee. N'chifukwa chake pakhomo pasakhale mtengo wothamangitsa eni mudzi.

Kwa inu a m'tauni, ndi inu amene munaona zikondwerero za ku Lusaka, Harare ndi London muli kobisala, pempho langa ndi ili: musabwere ngati alendo olemekezeka ofuna mpando wakutsogolo. Wodziwa kulemba mabuku a ndalama aphunzitse komiti. Wokhala ndi sipika abwereke. Wina agone m'nyumba ya m'mudzi n'kulipira. Ine ndilibe digiri, ndinasiyira panjira, koma kunyamula mabenchi ndimatha, ndipo ndidzakhalapo.

Tiyi wathu amamwedwa m'maiko akutali ndi anthu osadziwa dzina la womuthyola ndi mmodzi yemwe. Kwa tsiku limodzi lokha pachaka, othyolawo amveke ndi mawu awo, pa bwalo limene palibe angawauze kuti chete.