Bokosi la maliro lisatilowetse m'ngongole

Pa 23 Januwale 2015 Mfumu Abdullah ya ku Saudi Arabia inamwalira. Tsiku lomwelo anaikulunga m'nsalu wamba nakaiika m'manda a Al-Oud ku Riyadh, popanda chiliza, popanda dzina. Mwini chuma chonse cha mafuta chija anagona ngati msodzi wa ku Mangochi. Asilamu amatero: amasambitsa mtembo, kuukulunga m'nsalu yoyera, kuupempherera, n'kuugoneka chakumanja nkhope italoza ku Mecca, osachedwa.

Ayuda sasiyana nawo kwenikweni, koma nkhani yao ndi imene iyenera kutigwira mtima. Buku lao la Talmud limasimba kuti kale maliro anafika podula kotero kuti amphawi ankasiya mtembo wa mbale wao n'kuthawa. Mtsogoleri wao wina wolemera, Rabban Gamliel, analamula kuti iye akadzafa adzamuike m'nsalu wamba, ndipo anthu anatengera pomwepo. Mpaka lero Myuda wosunga mwambo amaikidwa m'nsalu yoyera yopanda matumba. Bokosi likakhalapo limakhala la matabwa osakongoletsa, ndipo ku Israel ambiri amaikidwa popanda bokosi. Wobwera kudzaona manda amangosiyapo kamwala.

Nanga Akhristu a m'tauni muno? Yesu anaikidwa tsiku lomwe anafa, atakulungidwa m'nsalu, m'manda a munthu wina. Koma pitani kumaliro ku Blantyre kapena ku Lilongwe mukaone. Bokosi lonyezimira, nkhata zogula, ndiwo za khamu lonse, kenaka chiliza cha mwala chodzavundukula ndi phwando linanso. Munthu amene ankasowa ndalama ya mankhwala akudwala, lero achibale akumugulira bokosi la ngongole kuopa kusekedwa. Mkazi wamasiye atsala ndi katapila, ana fizi palibe. Inu amene munakhalako kunja mukudziwa zimene zimachitika wina akamwalira ku Johannesburg kapena ku London: msonkhemsonkhe wa masabata kuti mtembo ufike kumudzi. Pamenepo sititsutsa, munthu kugona pakati pa makolo ake n'kofunika. Koma akafika, bokosilo lichite kunyezimiriranji?

Atsogoleri nawo sakutithandiza. Kamuzu Banda anamwalira mu 1997, ndipo mu 2006 boma linatsegula chinyumba cha manda ake ku Lilongwe. Bingu wa Mutharika anadzimangira chake ku Ndata asanafe. Wamng'ono amaonera wamkulu.

Ife tikuti abusa, ansembe ndi akulu a mpingo achite zimene anachita Gamliel. Alengeze paguwa, akadali moyo, kuti iwo adzalowe m'bokosi la matabwa wamba lokhomedwa ndi kalipentala wa pamsika, ndipo alembe zimenezi kuti achibale asadzasinthe.